Akagwa pa njinga, musathamangire kumudzutsa

Tsiku la msika, misewu ya m'dera la Kasina imadzuka kusanache. Njinga zimatuluka m'midzi zitasenza matumba a mbatatesi, madengu a tomato, kabichi wosanjikizidwa mpaka kupitirira mutu wa wopalasa, nkhuni, nthawi zina mbuzi yomangidwa miyendo pakaliyala ikulira njira yonse. Kuno ndi kwa zitunda ndi mitsetse, ndipo aliyense amene adapalasapo njinga ku Dedza amadziwa kuti chitunda chimangotopetsa, wakupha ndi mtsetse. Matumba awiri a makilogalamu 50 akakhala kumbuyo, amakankha njinga ndi mphamvu imene mabuleki operepeseka sangaigwire. Ena mabuleki adatha kalekale, amaimitsa njinga popondetsa nsapato patayala.

Nyengo iliyonse ili ndi msampha wake. M'dzinja ndi matope oterera ndi ngalande zimene mvula yakumba usiku pakati pa njira. Mu June ndi July ndi chifunga cha m'mawa, chimene chimabisa wopalasa wopanda nyali mpaka galimoto itafika pamsana pake. M'chilimwe ndi mchenga wa pokhota, umene umalanda tayala lakutsogolo mwini wake asanadziwe. Ndipo amene watulukira pa msewu wa M1 cha ku Linthipe kapena ku Chimbiya amakalimbirana m'mphepete mwa phula ndi mathiraki opita kuchipata cha Dedza, maminibasi othamangira okwera, ndi njinga zamoto zimene zachuluka zaka zapitazi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena mu lipoti lake la 2023 kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto. Lipoti la bungwe lomweli la 2018 lidayerekeza kuti ku Malawi ngozi zotere zimapha anthu 31 mwa anthu 100,000 aliwonse pachaka, chiwerengero chimene chidatiika pakati pa maiko amene zinthu zaipa kwambiri. Komabe mabuku a apolisi amaona kwambiri za pa phula. Mlimi amene wagubuduka yekha pamtsetse wa kumudzi, n'kukamwalira kunyumba patapita masiku awiri, salowa m'buku lililonse. Pamaliro amangoti adadwala mutu mwadzidzidzi.

Pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, madokotala mogwirizana ndi yunivesite ya North Carolina akhala akulemba m'kaundula ovulala ofika pamenepo kuyambira 2008. China chimene kaundulayo waonetsa n'chakuti ochokera pamalo a ngozi ambiri safika pa ambulansi. Amabwera pa galimoto wamba, pa minibasi, kapena pa galimoto ya apolisi. Ngati zili choncho mumzinda, kuli bwanji ku Kasina? Amene amafika koyamba pa ngozi ndi mayi wochokera kumjigo, mnyamata wa kabaza, mphunzitsi wopita kusukulu. Chimene manja awo achite m'mphindi 10 zoyamba chimagamula zambiri. Ndipo monga ndikuonera ine, anthu a kuno mtima wothandiza ali nawo wochuluka, amathamangira pa ngozi ngakhale ya mlendo. Vuto n'lakuti timafulumira ponyamula wovulala, pamene pakufunika kudekha, kenako n'kuzengereza popita naye kuchipatala, pamene pakufunika liwiro.

Khamu likasonkhana

Mawu oyamba kumveka pamalo a ngozi amadziwika. "Mudzutseni!" "Mukhazikeni pamthunzi!" "Thirani madzi kumutu!" "Tampatsani madzi amwe!" Onsewa ndi mawu achikondi, ndipo pafupifupi onse akhoza kumupweteka munthu.

Choyamba n'kuonetsetsa kuti ngozi isabale inzake. Ngati ndi pa msewu wa galimoto, tumani anthu awiri, wina uku wina uko, akaime patali ndithu, makamaka kuseri kwa kona, akukupiza chitenje. Nthambi zamasamba zimene timayala pamsewu galimoto ikafa zigwirenso ntchito pano. Chotsani njinga ndi katundu panjira. Kenako pakhale munthu mmodzi wolamula, kaya ndi wamkulu kaya ndi wamng'ono, bola wodekha mtima, ndipo ena onse asunthire kumbuyo. Amene watulutsa foni kuti ajambule, mpatseni ntchito: aimbe kuchipatala, aimbire mwini galimoto, aimbire abale. Chizolowezi chotumiza zithunzi za ovulala pa WhatsApp n'chonyansa. Mayi sayenera kudziwa za mwana wake poona chithunzi pa foni ya mnansi.

Gwadani pafupi ndi mutu wake, pamene angakuoneni osatembenuza khosi, n'kumulankhula. "Achimwene, mukundimva? Dzina lanu ndani? Musagwedezeke, tikuthandizani." Akayankha zomveka, mwadziwa kale kuti akupuma ndipo ubongo ukugwira ntchito. Mufunseni pamene pakupweteka. Mufunseni ngati zala zakumapazi akuzimva ndipo angathe kuzigwedeza. Akadandaula za khosi kapena msana, akanena kuti miyendo yachita dzanzi kapena sakuimva, musamusunthe. Gwirani mutu wake ndi manja awiri, uku ndi uku, kuti ukhale mmene ulili, osaukoka, osauwongola.

Chifukwa chake n'ichi. M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umalamula manja, miyendo, ngakhale chikhodzodzo. Fupa likhoza kusweka mtsemphawo uli bwinobwino. Munthu wotere akanyamulidwa mwachizolowezi chathu, wina m'khwapa wina kumiyendo, thupi litapindika pakati mutu ukulendewera, fupa loswekalo limatha kudula mtsemphawo, ndipo ukaduka sulumikizikanso. Amene akadachira n'kubwerera kudimba amakhala wa pamphasa moyo wake wonse. Kuthamanga sikufika, adatero akale. Pokhapokha ngati pamene wagonapo pali ngozi ina, monga pakati pa phula kapena m'madzi, ndi pamene mungamuchotse msanga, ndipo ngakhale apo mutu, khosi ndi msana ziyendere pamodzi.

Ngati sakuyankha, yang'anani ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika, tsaya lanu lili pafupi ndi mphuno yake, kwa masekondi 10. Wokomoka amene akupuma ali pa ngozi ina imene ambiri saidziwa: lilime limagwera kumbuyo, ndipo magazi kapena masanzi amatha kulowa m'mapapo. Mukamva akuliza mkonono, kapena kukhosi kukumveka phokoso la madzi, kapena akayamba kusanza, mutembenuzeni agonere m'mbali, pakamwa pataloza pansi pang'ono. Chitani anthu atatu kapena anayi, mmodzi atagwira mutu, ndipo iyeyo ndiye awerenge kuti nonse mutembenuze nthawi imodzi. Mpweya umaposa zonse, chifukwa wotsamwa amafa m'mphindi zochepa ngakhale msana mwausamala chotani. Ngati sakupuma n'komwe, mugonekeni chagada, ikani manja anu awiri mosanjikiza pakati pa chifuwa, n'kumadinikiza mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi, mukusinthana, wina akufunafuna thandizo.

Nanga madzi aja? Wovulala amalira ludzu, ndipo kumumana kumaoneka nkhanza. Komatu ludzu lalikulu pambuyo pa ngozi kawirikawiri limatanthauza kuti akutaya magazi, mwina m'kati. Wosokonezeka mutu amatsamwa ndi madziwo. Ndipo ngati akafunike opaleshoni, m'mimba modzaza mumavutitsa amene akamugonetse tulo. Nyowetsani kansalu, mupukuteni milomo, basi. Fanta, thobwa, tiyi, zonse zidikire. Kumukhuthulira chidebe cha madzi kuti atsitsimuke n'kumuwonjezera mavuto, makamaka kuno kumapiri kumene mphepo ya m'mawa imalowa m'mafupa. Thupi likazizira, magazi amachedwa kuundana ndipo bala limapitirira kuchucha. Mufunditseni chitenje, jekete, ngakhale thumba lopanda kanthu.

Magazi, dothi ndi kafumbata

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Akataya malita 2 moyo uli pachiswe, ndipo mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, zimenezi zimachitika m'mphindi zowerengeka. Pindani nsalu yoyera imene ilipo, chitenje, mpango, malaya, ikani pabala, dinikizani mwamphamvu. Musamasuzumire, khalani chidinikizire kwa mphindi 10. Nsalu ikanyowa musaichotse, sanjikizani ina pamwamba. Ambiri amaopa kugwira magazi a munthu wina chifukwa cha HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Valani jumbo m'manja. Ngati wovulalayo ali ndi mphamvu, adinikize yekha.

Chinthu chikalowa m'thupi, kaya ndi sipoko, chitsulo cha buleki kapena kamtengo, musachizule. Mwina ndicho chatseka mtsempha. Kutirani nsalu m'mbali mwake kuti chisagwedezeke, akachichotse kuchipatala. Ngati magazi a pamkono kapena pamwendo akutumphuka osamva kudinikiza, mangani kumtunda kwa bala, koma osati pabondo kapena pachigongono penipeni, ndi nsalu yotambalala zala zitatu kapena zinayi. Lowetsani kamtengo pamfundo, potokolani mpaka magazi ataleka. Zimapweteka kwambiri. Onani nthawi, kuti mukawauze akuchipatala kuti mwamanga nthawi yanji, ndipo musamasule panjira. Linya, waya ndi mphira zomangira katundu zimadula mnofu, zisiyeni. Njira imeneyi ndi yopulumutsira moyo zina zikakanika, si ya bala lililonse.

Mabala ambiri a panjinga ndi osupuka: zikhatho, zigongono, mawondo, tsaya, dothi ndi timiyala zitalowa m'mnofu. Apa m'pamene madokotala a m'mbali mwa njira amachuluka. Wina athirapo dothi kuti magazi aleke, wina phulusa, wina fodya wotikita, wina mankhwala otsukira mano, ndipo pa galaja amalumbirira mafuta a mabuleki ndi madzi a batire. Madzi a batire ndi asidi, amawotcha mnofu wamoyo. Chofunika ndi madzi ambiri aukhondo, a pamjigo kapena owiritsa n'kuzizira, kuthira mosaumira mpaka kamchenga komaliza katatuluka, sopo m'mbali mwa bala, kenako nsalu yoyera.

Dothi n'loopsa chifukwa ndimo mumakhala kachirombo ka kafumbata, makamaka dothi losakanikirana ndi ndowe, ndipo njira zathu ndi zomwezo zimene ng'ombe ndi mbuzi zimadutsa popita kudambo. Kafumbata saonekera tsiku lomwelo. Amatenga masiku 3 mpaka 21, bala mwina litayamba kale kupola, kenako nsagwada zimauma, khosi limalimba, thupi limayamba kukokeka. Akafika pamenepo, kupulumuka n'kovuta. Abambo amve bwino apa. Amayi amabayidwa katemera wa kafumbata kusikelo akakhala oyembekezera, ana amalandira ali makanda. Abambo ambiri sadabayidwenso chichokere ku ukhanda, ena sadabayidwepo n'komwe, ndipo mphamvu ya katemera imachepa ndi zaka. Opalasa kabaza ndi onyamula matumba ndi omwewo. Bala lakuya kapena lolowa dothi ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala tsiku lomwelo n'kukafunsa za jakisoni ameneyu.

Mafupa amene amathyoka kawirikawiri ndi a pamene dzanja limalumikizana ndi mkono, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza manja, komanso kafupa kochokera pakhosi kupita paphewa. Galimoto ikagunda, imakonda kuthyola mwendo. Musawongole, musakoke, musatikite ndi mafuta. Mangirirani chiwalocho mmene chilili ku thabwa, nsungwi kapena katoni yopinda, mutayalamo nsalu, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi kwa pothyokapo. Mkono ukolekeni m'khosi ndi chitenje, mwendo mukhoza kuumangirira ku unzake. Zala zikayamba kuzizira, kuda kapena kuchita dzanzi, mwamanga kwambiri. Fupa likatulukira kunja musalibwezere m'kati. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kunyamuka, chifukwa dothi likalowa m'fupa limaoletsa, ndipo munthu amatha kudulidwa mwendo.

Pa nkhani ya mafupa mwayi tili nawo. Kuyambira 1985, pamene Dr Ed Blair adayambitsa maphunziro a za mafupa, dziko lino lakhala likusula madokotala othandizira odziwa za mafupa okhaokha, ndipo ndi iwo amene amaika zikhakha m'zipatala za m'maboma. Kuyamba kwa sing'anga kukatemera mphini pa fupa lothyoka kumangodya masabata amene fupalo likadalumikizika mowongoka. Likagwirana mokhota, kuliwongola kumafuna opaleshoni.

"Ndili bwinobwino, njinga yanga ili kuti?"

Wogona m'magazi aliyense amaona kuti akufunika chipatala. Amene amandiopsa ine ndi uja wadzuka, wasansa fumbi, akuseka mwamanyazi, n'kuyamba kutola tomato wake. Tisamuseke. Njingayo mwina ndi yobwereka kapena ya ngongole ya kubanki m'khonde, tomatoyo ndiye fizi ya mwana, ndipo tsiku lopita kuchipatala ndi tsiku lopanda ndalama. Komanso thupi likadzidzimuka limabisa ululu kwa kanthawi. Mnansi weniweni pamenepa ndi amene anganene kuti, "Bambo, katunduyu ndikusungirani ine, njinga ikakhala kwa amfumu, inu tiyeni." Nkhawa ya katundu ikachoka, ambiri amavomera. Ngakhale amene alidi bwino akhale kaye pansi kanthawi, ndipo asanakwerenso ayang'ane foloko, mabuleki ndi pamene handulo imalowa mu felemu. Foloko yopindika imene yawongoledwa ndi paipi imaoneka yabwino, koma chitsulo chimakhala chitafooka.

Mutu ndi umene umapha mwakachetechete. Opalasa njinga zakapalasa kuno savala zipewa zoteteza mutu, ndiye chigaza chimakumana ndi mwala kapena phula popanda chotchinga. Munthu akhoza kukomoka pang'ono, n'kutsitsimuka, n'kumacheza bwinobwino kwa maola angapo, kamtsempha kakuchucha m'kati. Chigaza chili ngati mphika wovundikira: magaziwo alibe kotulukira, ndiye amapanikiza ubongo. Madzulo adandaula mutu, asanza, ayamba kuwodzera, abale ati mulekeni apume, m'mawa sadzuka.

Aliyense amene wamenyetsa mutu n'kukomoka, ngakhale kwa kamphindi, kapena sakukumbuka mmene wagwera, apite kuchipatala. Amene wabwerera kunyumba asagone yekha, ndipo wina amuyang'anire kwa masiku awiri. Mutu wopweteka mowonjezereka, kusanza mobwerezabwereza, tulo tosadzutsika, kulankhula zosamveka kapena kufunsa funso lomwelomwelo, kuphupha ngati wa khunyu, kufooka mbali imodzi, magazi kapena madzi oyera otuluka m'khutu kapena m'mphuno, mwana wa diso limodzi kukula kuposa wa linzake: chimodzi chokha mwa izi chikaoneka, musadikire kuti kuche. Okalamba ndi omwa mowa kwambiri amatha kuonetsa zizindikiro patapita masabata. Ngati n'kumwa mankhwala a ululu, Panado ndiye woyenera. Asipirini ndi bufeni zimachedwetsa magazi kuundana.

Mowa umasokoneza nkhani. Munthu wagwa akuchokera ku kachasu, akununkha, akubwebweta, ndipo onse agwirizana kuti ndi mowa chabe, agone uchoke. Kuledzera ndi kuvulala ubongo zimafanana maonekedwe, ndipo zimakonda kuyendera limodzi. Woledzera amene wamenyetsa mutu tizimutenga kuti wavulala kufikira akuchipatala atanena kuti ayi.

China chobisika ndi m'mimba. Njinga ikaima mwadzidzidzi, handulo imatembenuka n'kubaya pansi pa nthiti. Kunja kumangotsala kachizindikiro kozungulira, mwina osaoneka kanthu n'komwe. Koma kumanzere, kuseri kwa nthiti zam'munsi, kuli kapamba, chiwalo chodzaza magazi, ndipo kumanja kuli chiwindi. Kwa amene akula akudwala malungo mobwerezabwereza, kapamba amatha kukhala wotupa ndi wosachedwa kuphulika, ndipo ana ndiwo ali pa ngozi yaikulu. Yang'anani m'mimba mopweteka ndi molimba, phewa lakumanzere kupweteka ngakhale silidamenyedwe, chizungulire akaimirira, thukuta lozizira, m'maso ndi m'zikhatho moyera, mtima kugunda mofulumira, ndi ludzu lija. Wotere akutaya magazi amene inu simukuwaona, ndipo palibe chitenje chingawaletse. Akufunika opaleshoni ndi kuwonjezeredwa magazi. Mkodzo wa magazi, kupuma movutikira ndi kutsokomola magazi zili m'gulu lomweli. Mayi woyembekezera akagwa pa kabaza, ngakhale akumva bwino, akaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Ana okwezedwa pakaliyala ali ndi ngozi yawoyawo, ya phazi kulowa m'masipoko. Bala lake limaoneka laling'ono tsiku loyamba, koma khungu la pachidendene limakhala litafinyika, ndipo patapita masiku limada n'kufa. Nthawi zina kafupa kamakhala katasweka. Musaliderere.

Ulendo wa kuchipatala

Anthu a ku Kasina ali ndi poyambira. Chipatala chaching'ono cha Kasina, cha mpingo wa Katolika, chimene amayendetsa masisitere a Medical Missionaries of Mary, chili pakati pawo. Chipatala cha msinkhu umenewu chimaletsa magazi, kutsuka ndi kusoka mabala, kuika diripi, ndi kulemba kalata yotumiza wodwala patsogolo. Maopaleshoni amakachitikira ku chipatala cha boma ku Dedza kapena ku chipatala cha mishoni cha Nkhoma. Kuvulala kwakukulu kwa mutu ndi msana kumathera ku Lilongwe, ku Kamuzu Central ndi ku chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chimene chidatsegulidwa pambali pake mu 2023. Zipatala za mishoni zimalipiritsa, za boma ndi zaulere, ndipo banja limayamba kuwerengera zimenezi wodwala ali chigonere. Langizo langa n'lakuti wovulala kwambiri apite kumene kuli pafupi, akamuletse magazi ndi kumuika diripi. Za ndalama zikambidwe iye ali kale m'manja mwa anamwino.

Wokomoka, kapena amene mukumuganizira kuti wavulala khosi kapena msana, asakwezedwe pa njinga yamoto atapanikizidwa pakati pa anthu awiri, ngakhale ndiyo imapezeka msanga. Zulani chitseko, kapena pezani thabwa lalikulu. Mutembenuzireni pamenepo anthu anayi, ikani nsalu zopindapinda uku ndi uku kwa mutu, mumangeni ndi zitenje pachipumi, pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo. Akagone kumbuyo kwa pikapu kapena lole, wina atakhala kumutu akuyang'ana kapumidwe. Njinga ya ambulansi, m'midzi imene ilipo, kapena ngolo yoyalamo matiresi, zimufikitse pamene galimoto ingafike. Amene waona ngozi apite nawo, kapena auze woperekeza zonse: wagwa nthawi yanji, wamenyetsa pati, anakomoka kapena ayi, wasanza kangati, amamwa mankhwala anji. Buku lake la kuchipatala litengeni ngati lili pafupi, koma musabwerere mtunda chifukwa cha buku.

Boma, ndi thandizo la World Bank, lidayambitsa ntchito yoyeserera ya maambulansi a ngozi pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndi nambala yaulere ya 118. Ntchitoyo idakonzedwera msewu waukulu, choncho wa kumudzi asadalire iyo yokha. Ya apolisi ndi 997. Palinso 54747, Chipatala cha pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, koma chimenecho n'cha malangizo, sichitumiza galimoto. Manambala amene amathandiza usiku kumudzi ndi a mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, a mwini pikapu wapafupi, ndi a wapampando wa siteji ya kabaza. Alembeni m'foni lero. Masiteji a kabaza amene amasonkha kale ndalama za maliro akhoza kusonkhanso za bokosi la mabandeji ndi magolovesi, n'kupempha a Red Cross kuti adzawaphunzitse chithandizo choyambirira.

Galimoto ikakhudzidwa

Dalaivala akagunda wopalasa, miyala imayamba kutoledwa. Madalaivala akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake ambiri saima. Ena amathawira kupolisi, ena amangothawa. Taganizani: galimoto imene mukufuna kuiphwanya magalasiyo mwina ndiyo yokhayo imene ikadafikitsa m'bale wanu ku Dedza nthawi ikadalipo. Kumenya dalaivala ndi mlandu, ndipo pamene khamu likulimbana naye, wovulala amakhala ali yekha. Lembani nambala ya galimoto, mtundu wake, ndi dzina la pachitseko ngati ndi ya kampani. Tengani maina ndi manambala a mboni ziwiri. Apa ndiye foni ijambule: malo, galimoto, njinga, mmene mwadutsa matayala.

Ambiri amakhulupirira kuti kuchipatala salandira wopanda kalata ya apolisi, ndiye amayamba kuzungulira naye wovulala kupolisi akuchucha magazi. Gawanani ntchito. Wovulala apite kuchipatala, wina apite kukanena kupolisi, mapepala akakumana kutsogolo. Koma kukanenako n'kofunika ndithu. Lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse, ndi njinga yamoto yomwe, kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene ingawavulaze, ndipo makampani a inshuwalansi amafuna lipoti la apolisi ndi la dokotala asanalipire. Njinga zamoto zambiri za kabaza sizidalembetsedwe ndipo inshuwalansi zilibe. Pamenepo chipukuta misozi chimafunidwa kwa mwini wake ndi woyendetsa, ndipo mboni zimakhala zofunika koposa.

Chenjerani ndi "tingogwirizana pompano". Dalaivala atulutsa ndalama ya limu ndi foloko, awonjezera kena ka Panado, wapampando wa siteji achitira umboni, nkhani yatha. Ngati chawonongeka ndi njinga yokha, palibe cholakwika. Koma thupi silinena zonse tsiku loyamba. Phewa limene lero likungowawa pang'ono mwina mawa lipezeka lothyoka, ndipo miyezi iwiri yosapalasa, pa nthawi yokolola mbatatesi, mtengo wake si wa limu. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala lonena kuti simudzadandaulanso musanaonedwe ndi dokotala. Sungani malisiti onse, a mankhwala, a galimoto, a wokonza njinga. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira osauka pa milandu, ndipo asachedwe, chifukwa lamulo limaika malire a nthawi yokasumira mlandu wa kuvulala.